Zaka 8 kapena zaka 2? Makalata anu pa makontrakiti a anyamata a hockey

WOULUTSA: Sabata yatha tinangokhudzako pang'ono za hockey ya pa ayezi, ligi ya NHL ya ku America ndi Canada, koma makalata abwera ochuluka kuposa mmene timaganizira.

KATSWIRI: Tiyeni tiwamve.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito ku Winnipeg. Akuti: "Kuntchito kwathu za mpira wamiyendo sazidziwa, nkhani ndi hockey basi. Ligi ikatsekera amayamba kukangana kuti mnyamata wakutiwakuti asaine bridge kapena asaine zaka 8. Ine ndimangogwedeza mutu ngati ndikumva. Ndithandizeni ndisamachite manyazi pa nthawi ya tiyi."

KATSWIRI: Bambo, manyazi atha lero. Mnyamata akalowa mu NHL ali ndi zaka zapakati pa 18 ndi 21, kontrakiti yake yoyamba imakhala ya zaka 3, ndipo malipiro ake amawaikira malire otsika, cha m'ma dola 1 miliyoni pa chaka kapena kucheperapo, tisanawerenge mabonasi. Kaya agoletsa zigoli 40, ndalama ndi yomweyo. Zaka zitatuzo zikatha sikuti wamasuka ayi. Timu yake imakhalabe ndi ulamuliro pa iye mpaka atakwanitsa zaka 27, kapena atasewera masizoni 7 m'ligimo. Apo mpamene angapite kulikonse kumene kwamveka fungo la ndalama.

Ndiye ali ndi zaka 21 kapena 22, iye, ejenti wake ndi akuluakulu a timu amakhala pansi. Akhoza kusaina kontrakiti yaifupi, ya zaka 2 kapena 3, imene imatha iye akadali m'manja mwa timuyo. Imeneyo ndiyo anzanuwo akuitcha bridge. Ndalama yake imakhala yapakatikati, ndipo onse amagwirizana kuti adzakambiranenso zikadzaoneka bwino. Apo ayi, asaina yaitali, imene imameza zaka zonse za ulamuliro wa timu n'kulumanso zaka zingapo za ufulu wake. Zaka za ufuluzo n'zodula, n'chifukwa chake kontrakiti yaitali imayamba ndi ndalama yokwererapo.

WOULUTSA: Nanga timu yolemera osangolipira basi nkhani ithe?

KATSWIRI: Singathe, achemwali. Kuyambira 2005 ligiyi ili ndi malire a ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake onse pamodzi pa sizoni. Anayamba ndi madola 39 miliyoni. Nthawi ya Covid malirewo anaima pa 81.5 miliyoni masizoni atatu osasuntha. Mu 2024-25 anafika 88 miliyoni, kenako ligi ndi bungwe la osewera analengeza kuti akwera kufika 95.5 miliyoni, 104 miliyoni, mpaka 113.5 miliyoni mu 2027-28. Dola iliyonse imene mwapatsa mnyamata uyu mwaichotsa pakamwa pa mnzake. Ndipo chimene amawerengera pa malirewo si ndalama imene walandira chaka chimenecho, koma ndalama yonse ya kontrakiti atayigawa mofanana ndi zaka zake.

Ife a kumudzi nkhaniyi timaidziwa kale. Vendala amabwera chimanga chikadali m'munda, ngaiyaye zitangotuluka, n'kunena kuti ndikupatsani ndalama lero, munda wonse ndi wanga. Mukalandira, mvula ikadula ndi zake, koma mukakolola zodzaza nkhokwe ndi zakenso. Mukakana, zonse ziwiri ndi zanu.

Bambo a ku Winnipeg, mawa anzanu akayamba, inu musafunse kuti ndalama yonse ndi zingati. Afunseni kuti kontrakitiyo ikadzatha mnyamatayo adzakhala ndi zaka zingati, ndiponso kuti malipiro a chaka chomaliza ndi angati. Funso lachiwirili lili ndi msampha. Kuti timu isunge ulamuliro wake kontrakiti ikatha, imayenera kumulonjeza mnyamatayo ndalama yotengera malipiro a chaka chomalizacho. Timo Meier anasaina ndi San Jose mu 2019, zaka 4 pa madola 24 miliyoni, koma chaka chomaliza chokha chinali cha 10 miliyoni. San Jose inamusinthanitsa ku New Jersey mu February 2023, tsiku lolipira lisanafike. Mu 2020 lamulolo analikonza kuti lonjezolo lisamapyole 120 peresenti ya malipiro a pakatikati, koma maejenti amakankhirabe ndalama kumapeto mpaka pamene lamulo lawaletsa.

WOULUTSA: Tiyi wa mawa akoma ku Winnipeg. Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Lilongwe, mwana wawo akuphunzira ku Montreal. Akuti: "Mwana wanga akuti kuli anyamata amene amakana madola 50 miliyoni chifukwa akufuna kontrakiti yaifupi. Ine ndi kholo. Kumeneko si kunyada? Mawa lake akulidziwa?"

KATSWIRI: Mayi, ndikuyankhani kaye ngati ejenti, kenako ndikuyankhani ngati kholo linzanu.

Mufunseni mwana wanuyo za P.K. Subban, chifukwa zinachitikira mumzinda womwe akukhalawo. Mu January 2013 Montreal Canadiens inakana kumupatsa kontrakiti yaitali, inamupatsa ya zaka 2 ya madola 5.75 miliyoni, zaka zonse ziwiri pamodzi. Sizoni yomweyo anapata mphotho ya Norris, ya wotchinga kumbuyo woposa onse m'ligi. Mu August 2014 timu yomweyo inasaina naye zaka 8 pa madola 72 miliyoni. Kuchoka pa ndalama yosafika 3 miliyoni pa chaka kufika 9 miliyoni. Nikita Kucherov wa Tampa Bay chimodzimodzi: mu 2016 anatenga zaka 3 pa 14.3 miliyoni, mu 2018 anasaina zaka 8 pa 76 miliyoni.

Tsono taonani amene anasankha njira inayo. Nathan MacKinnon wa Colorado anasaina mu 2016 zaka 7 pa madola 44.1 miliyoni, kutanthauza 6.3 miliyoni pa chaka. Panthawiyo anali atangopeza mapointi 52 pa sizoni. Mapointi ndi zigoli zimene wagoletsa kuphatikiza zimene wakonzera anzake. Mu 2017-18 anapeza 97, n'kukhala mmodzi wa osewera oopsa kwambiri pa dziko lonse, koma malipiro osasuntha. Anapambana chikho cha Stanley Cup mu 2022 akulandirabe 6.3 miliyoni yomweyo, pamene Connor McDavid wa Edmonton amalandira 12.5 miliyoni. Kontrakiti yotsatira ya MacKinnon inali ya 12.6 miliyoni pa chaka, ndendende kuwirikiza kawiri. Zaka zonse zapakatizo, ndalama imene akanalandira inapita kukalipira anzake. Colorado inasangalala, ejenti aliyense anaphunzirapo.

Umenewo ndi mlandu wa ejenti. Tsopano wa kholo.

Masewerawa ndi a anthu othamanga pa ayezi, kugundana m'makoma, kachimbale kolimba kakuuluka pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola. Bondo, phewa, chiuno, kugunda mutu mpaka ubongo kugwedezeka, zimachitika sabata iliyonse. Chabwino cha NHL n'chakuti kontrakiti ukasaina timu imayenera kukulipirabe ngakhale utavulala. Rick DiPietro, goloboyi wa New York Islanders, anasaina mu 2006 kontrakiti ya zaka 15 ya madola 67.5 miliyoni. Thupi linamukana, maondo ndi chiuno. Mu 2013 timu inathetsa kontrakitiyo polipira gawo la zotsala, ndipo mgwirizano wake ndi woti azilandira 1.5 miliyoni chaka chilichonse mpaka 2029, ali kunyumba. Ku New York amaitchula ngati kontrakiti yoipitsitsa. Kwa banja lake ndikukayika ngati amaiona choncho.

Ndiye mayi, ine ndili kumbali yanu, kupatula pa anyamata owerengeka. Mnyamata amene ligi yonse ikudziwa kuti ndi nyenyezi akhoza kudikira, chifukwa ngakhale atavulala chaka chimodzi matimu adzamulimbirana ndithu. Koma anyamata ambiri si a MacKinnon. Amene wasewera bwino sizoni imodzi, timu n'kumuikira 40 kapena 50 miliyoni patebulo, asaine dzuwa lisanalowe. Timamva nkhani za amene anadikira n'kupindula chifukwa ndiwo amatuluka m'nyuzipepala. Amene anadikira bondo n'kuthyoka, dzina lake limangozimirira.

WOULUTSA: Koma achimwene, mwanena nokha kuti malire a ndalama akukwera msanga. Zimenezi sizikusintha malangizo anuwa?

KATSWIRI: Zikusinthadi, koma kwa nyenyezi zomwe zija. Jack Hughes wa New Jersey anasaina mu November 2021 zaka 8 pa madola 64 miliyoni, 8 miliyoni pa chaka. Chaka choyamba cha kontrakitiyo malire anali 82.5 miliyoni, ndiye iye amadya pafupifupi 10 peresenti ya thumba la timu, n'kupeza mapointi 99. Malire akafika 113.5 miliyoni, 8 miliyoni yomweyo idzangokhala 7 peresenti. Ndalama yake yaima, thumba likukula. Mnyamata wa msinkhu umenewo lero ali ndi chifukwa chomveka chofunira zaka 3 kapena 5, kuti abwerenso patebulo thumba litafufuma. Auston Matthews wa Toronto ndi mmene wakhala akuchitira: zaka 5 mu 2019, zaka 4 mu 2023. Komanso mgwirizano watsopano wa ligi ndi osewera, umene anavomereza mu 2025, wadula utali wa makontrakiti kuyambira sizoni ya 2026-27: zaka 7 ndi timu yako, zaka 6 ukapita kwina, pamene kale zinali 8 ndi 7.

WOULUTSA: Yachitatu ndi ya mnyamata wa ku Zomba, akuti ndi sapota wa mpira wamiyendo. "Bwanji timu osangomusainitsa yaitali, akachita bwino n'kumugulitsa ndalama zambiri monga amachitira ku Ulaya? Timu imapindula chiyani ndi kontrakiti yaifupi?"

KATSWIRI: Achimwene anga a ku Zomba, matimu a NHL sagulitsana osewera ndi ndalama. Amasinthanitsa, wosewera ndi wosewera, kapena wosewera ndi mwayi wosankha achinyamata atsopano pa draft. Ndiye phindu la timu si kugulitsa, koma kukhala ndi munthu amene akusewera moposa malipiro ake.

Kontrakiti yaifupi imathandiza timu imene ikuona kuti chikho chili pafupi. Tampa Bay mu 2019 inali ndi akuluakulu ambiri odya ndalama, malo m'thumba ochepa. Inapatsa Brayden Point zaka 3 pa 6.75 miliyoni pa chaka, ndipo m'zaka zimenezo inatenga Stanley Cup kawiri motsatizana, 2020 ndi 2021. Pambuyo pake inamulipira 9.5 miliyoni pa chaka, koma zikho zili kale m'kabati. Amenewo anadziwa chimene akugula.

Koma timu imene ikungozengereza, ikuti tiyeni timuonenso kaye, nthawi zambiri imadzalira. Vancouver inapatsa Elias Pettersson zaka 3 pa 7.35 miliyoni mu 2021. Iye anapeza mapointi 102 mu 2022-23, mtengo n'kukwera, ndipo mu March 2024 anasaina zaka 8 pa 11.6 miliyoni pa chaka. Sizoni yoyamba ya kontrakiti yaikuluyo anapeza mapointi 45 okha. Timu inadikira kuti itsimikize, inagula pamene mtengo unali pamwamba penipeni, ndipo chitsimikizo sichinapezekebe. Yerekezani ndi Buffalo, imene inapatsa Tage Thompson zaka 7 pa 50 miliyoni mu 2022 atangochita bwino sizoni imodzi. Anthu anati athamanga. Sizoni yotsatira anagoletsa zigoli 47.

Ndiwonjezepo kamodzi, chifukwa omvera angaganize kuti kusaina zaka 8 ndiye kuti wakhazikika pamudzi. Chitetezo cholembedwa m'kontrakiti choti timu isakusinthanitse popanda chilolezo chako chimagwira ntchito pa zaka za ufulu zokha. Subban uja anamutumiza ku Nashville pa 29 June 2016, kutatsala masiku awiri kuti chitetezo chimenecho chiyambe.

WOULUTSA: Nthawi ikutithawa. Kauthenga kakafupi kochokera ku Johannesburg: "Nanga akalephera kugwirizana zimatha bwanji?"

KATSWIRI: Mnyamata akhoza kukhala kunyumba osasewera, koma akapanda kusaina pofika pa 1 December ndiye kuti sizoni yonse yamudutsa. William Nylander wa Toronto mu 2018 anadikira mpaka tsiku lenilenilo, n'kusaina zaka 6 kutatsala mphindi zochepa. Amene akwanitsa zaka zoyenera m'ligi akhoza kupita kwa woweruza wapadera kuti agamule malipiro a chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale matimu ndi osewera amapewa zimenezi, chifukwa kumeneko abwana ako amayenera kufotokoza zofooka zako iwe utakhala pomwepo.

Njira ina ndi yoti timu yachilendo imubweretsere kontrakiti. Akasaina, timu yake ili ndi masiku 7 oti ifanane nayo ndalamayo, apo ayi imutaye n'kulandira mwayi wa pa draft ngati chipepeso. Sizichitika kawirikawiri, koma mu August 2024 St. Louis inachita zimenezi kwa anyamata awiri a Edmonton tsiku limodzi, Philip Broberg ndi Dylan Holloway, aliyense zaka 2. Edmonton thumba linali litadzaza kale, ndipo onse awiri anapita.

WOULUTSA: Bambo a ku Kasungu amene munafunsa za malipiro a magoloboyi, kalata yanu tayisunga, tidzayamba ndi imeneyo sabata yamawa. Pakadali pano konzekerani kumva nkhani.