Makiyi musapereke musanalandire ndalama zanu

Achimwene amene mukumanga nyumba za anthu ku Centurion, ku Mamelodi kapena ku Soshanguve, ndikufunseni: ntchito ikatha, mumayamba ndi chiyani, kupereka makiyi kapena kulandira ndalama?

Lamulo la ku Joni kuno limalola kontilakitala kukaniza nyumba imene wamanga mpaka atalipidwa. Ufulu umenewu sulembetsedwa ku ofesi ya malo ku Pretoria ayi. Umakhalapo pokhapokha nyumbayo ikadali m'manja mwanu. Tsiku limene mwatuluka mwa kufuna kwanu, watha, ndipo subweranso ngakhale mubwerere mawa lake.

Mvetserani za mlandu wa mmisiri wina, Wightman, ndi kampani ya Headfour. Mmisiriyu atasemphana ndi eni malo pa za malipiro, anawapatsa makiyi ena kuti azitha kulowa kukaona ntchito. Iwo analowa n'kulanda malo onse. Mmisiriyo anachita kukafika ku khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein, lomwe mu 2008 linagamula kuti sanasiye malowo, anachita kulandidwa.

Anapambana, inde. Koma zonsezi zinayambira pa makiyi operekedwa mwaulemu. Inuyo ndalama zolipira maloya mpaka ku Bloemfontein muli nazo? Umboni wakuti makiyiwo munapereka ongoonera ntchito muutenga kuti, ngati munangogwirizana pakamwa muli pageti?

Zizindikiro zake sizibisika. Bwana amene kale ankayankha foni msanga wayamba kunena kuti banki ikuchedwetsa. Kenako akuti angolowetsako katundu pang'ono, ndalama mulandira Lachisanu. Mwina wabweretsa mlonda wake, kapena wakuuzani kuti muchotse zida zanu kuti pabwalo paoneke bwino. Mukavomera, mwatuluka nokha. Ndipo kodi munawerenga zomwe munasaina poyamba paja? Nyumba ikamamangidwa ndi ngongole, mabanki amakonda kufuna kuti womanga asainiretu kuti ufulu wokaniza nyumbawu wausiya.

Ambiri a ife sitichita mgwirizano wa ntchito ndi mwini nyumba. Timapatsidwa ntchito ya pulasitala kapena matailosi ndi kontilakitala wamkulu. Pamenepo mpovuta kwambiri. Mu 1996, pa mlandu wa Buzzard Electrical, khoti la apilo linakana kuti kampani yopatsidwa ntchito motere itenge ndalama zake kwa mwini malo. Wokulembaniyo akagwa, mwini nyumba sakudziwani.

Ngati anakutulutsani mokakamiza, thamangirani kwa loya sabata yomweyo, chifukwa khoti likhoza kulamula kuti akubwezereni pamalopo. Osathyola loko nokha. Ngati munatuluka nokha, ngongole ikadalipo, koma Prescription Act ya 1969 imakupatsani zaka zitatu zokha. Ikakhala yaing'ono mukhoza kukaidandaula ku Small Claims Court popanda loya; mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20 000.

Chonde, bwana akapempha makiyi, mulembe papepala chomwe akuwafunira, asaine, ndipo munthu wanu asachoke pamalopo.