Zimene mawu a pamaliro amatiphunzitsa pa moyo

M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti mawu amene Achewa timalankhula pa za imfa ndi phunziro kwa amoyo. Zitsanzo ndazitenga kwathu ku Kasiya, m'boma la Lilongwe.

Choyamba, kwathu sitinena kuti munthu wafa, pakuti mawu amenewo ndi a nkhuku kapena galu. Timati wamwalira, watisiya kapena watsogola. Pa atatuwa, akuti "watsogola" ndiwo ali ndi phunziro lalikulu. Munthu satsogola pa njira imene ena sadzadutsapo. Choncho wonena mawuwa akuvomera kuti nayenso ali pa ulendo womwewo, kungoti tsiku lake silinafike.

Chachiwiri ndi mwambi wakuti "maliro n'kulirana". Zovuta zikagwa m'mudzi, mfumu imadziwitsidwa, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, adzukulu amalawirira kumanda. Munthu amene safika pamaliro a anzake amadziwika, ndipo zikamuonekera adzukulu amazengereza kugwira makasu mpaka abale atapepesa kwa mfumu. Pamwambo wa maliro olankhula sawerenga mabelo a fodya amene malemu ankagulitsa ku okushoni. Amanena ngati ankazonda odwala, kulera amasiye ndi kuyanjanitsa okangana. Akati "anali munthu", ndiye kuti amuyamikira kotheratu.

Chachitatu ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Pakati pa zilombo zake pali Kasiyamaliro, amene amaimira mayi wa mtundu ndipo amaperekeza womwalira kwa makolo. Chikhulupiriro chake n'chakuti munthu akachoka amalowa m'gulu la mizimu, ndipo mudzi umamukumbukira pa bona. Amene akufuna kukumbukiridwa bwino ayenera kuyamba lero kukhala bwino ndi anthu.

Ena amati kulingalira za imfa n'kudziitanira tsoka. Maganizo amenewa ndiwo amachititsa makolo ambiri kuopa kulemba wilo. Zotsatira zake timaziona: bambo akangotsogola, achibale amathamangira njinga, ng'ombe ndi malata, mayi wamasiye ndi ana n'kutsala manja lende. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, komabe ndi bwino kuti mwini wake anene zofuna zake akali moyo.

Pomaliza, ine ndikuona kuti makolo athu sankabisa imfa ayi, ankangoitchula mwaulemu. Ankafuna kuti aliyense pochoka pamanda adzifunse kuti mfumu idzanena chiyani za iye, ndipo ana ake adzatsala motani. Wodzifunsa mafunso awiriwa amafulumira kupepesa mnzake, kubweza ngongole ndi kukonzera ana tsogolo. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.