Andilonjeza internship ku Ulaya, kodi ndilipire?



Ndine mtsikana wa chaka chachitatu pa koleji ina ya zaulimi. Pa gulu la WhatsApp la kalasi yathu panabwera uthenga woti pali mwayi wa internship ku Ulaya kwa miyezi 12, pogona ndi chakudya zaulere. Nditaimba foni, bambo wina anati nditumize ndalama yolembetsera pa nambala yake sabata ino, ndimupatsenso pasipoti yanga kuti akonze zonse. Akuti ndidzanyamuka ndi viza yokacheza, yantchito ndikaipezera konko. Mayi anga akonzeka kugulitsa mbuzi zawo kuti mwayiwu usandiphonye. Kodi ndilipire? Nanga mwayi weniweni umapezeka kuti?

Wofuna nzeru, Lilongwe

Mlongo wanga,

Musatumize ndalamayo, ndipo pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu. Mtima wofuna kukaphunzira ntchito kunja ndi wabwino, koma zimene wakuuzani bamboyu sizikugwirizana. Viza yokacheza ya maiko ambiri a ku Ulaya, otchedwa a Schengen, imakulolani kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo siimulola munthu kugwira ntchito. Ndiye miyezi 12 mukakhalako bwanji? Masikuwo akatha mumasanduka wokhala m'dziko la eni mozemba, ndipo amene wakusungirani pasipoti ndiye amakulamulani chilichonse. Umu ndi mmene ozembetsa anthu amakolera achinyamata. Ku Malawi kuno umenewu ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015.

Ngakhale pulogalamu ya dzina lomveka iyenera kufufuzidwa. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a ku Africa amene anakopedwa pa intaneti kuti akaphunzire uku akugwira ntchito ku Alabuga, m'chigawo cha Tatarstan ku Russia, anakapezeka akulumikiza ma drone a nkhondo m'fakitale.

Mwayi weniweni ulipo, ndipo nthawi zambiri umadzera ku koleji kapena pa tsamba la bungwe lenilenilo. Ophunzira zaulimi a ku LUANAR akhala akupita ku Israel pa mapulogalamu a miyezi pafupifupi 11, komwe masiku ambiri amakhala m'munda, m'khola kapena mosankhira zipatso, tsiku lina n'kulowa m'kalasi. Amalandira malipiro, koma pamachotsedwa za pogona ndi za maphunziro, ndipo ntchito yake ndi yathukuta. Chitetezo nachonso n'chofunika kuchiganizira: ophunzira awiri a ku Tanzania amene anali pa maphunziro otere ku Israel anaphedwa pa chiwembu cha pa 7 October 2023.

Bungwe la United Nations limatenga ophunzira a chaka chomaliza ndi omwe angomaliza kumene, kwa miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, ndipo sililipiritsa kalikonse pofunsira malo. Nthambi zake monga UNICEF ndi UNDP zimapereka kangachepe kothandizira, koma lendi ya ku Geneva kapena New York ikhoza kumeza zonsezo, choncho muziyamba mwawerengetsera bwino.

Musaderere zapafupi. Pa Chitedze pomwepa pali mabungwe ofufuza zaulimi a padziko lonse monga ICRISAT ndi IITA. Miyezi ingapo mukuyeza mbewu za mtedza, soya kapena chinangwa, kulemba zotsatira m'kaundula limodzi ndi akatswiri ochokera maiko osiyanasiyana, ingakupezetseni kalata ya umboni imene idzakuyankhulireni pofunsira maphunziro apamwamba kunja.

Paliponse pamene mwapatsidwa malo, funani kalata yochokera ku bungwe lokulandiranilo komanso mgwirizano wolembedwa. Mgwirizanowo unene ntchito yomwe mudzaphunzire, wokuyang'anirani, maola ogwira ntchito, malipiro ndi zonse zochotsedwa, inshulansi yachipatala, ndi amene adzalipire tikiti yobwerera. Mapepalawo mupite nawo kwa mkulu wa dipatimenti yanu. Iye ndiye angakuuzeni ngati miyeziyo idzawerengedwe pa digiri yanu, ndi mmene mungapumire sukulu mwalamulo osataya malo. Fufuzaninso ku unduna wa zantchito ngati wokutumizaniyo ali wovomerezeka, ndipo mufunse ku ofesi ya kazembe wa dzikolo za mtundu wa viza yofunika. Safunsa adadya phula, ndipo munthu wachilungamo sakwiya ndi mafunso kapena kukuthamangitsani kuti mulipire lero.

Mawa lomwe kaonetseni uthengawo kwa akuluakulu a koleji, ndipo nambala ya bamboyo mukaipereke kupolisi. Pa gulu lanulo pali anzanu ena amene mwina atsala pang'ono kutumiza ndalama, ndipo mukawachenjeza msanga muwapulumutsa.

Mlangizi wanu