Mdzukulu Wobadwira m'Nyumba ya Zipembedzo Ziwiri

Kalata yoyamba madzulo ano yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza, ndipo alemba motere:

"Mwana wanga wamwamuna, amene ali pa ntchito ku Johannesburg, anakwatira mkazi wachiyuda. Mwana atabadwa anamuchita mdulidwe pa tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo za ubatizo sazitchula n'komwe. Akubwera kumudzi pa Khirisimasi. Kodi ndingalakwe nditapita naye mwanayo kwa abusa mwakachetechete?"

Mayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo sindiipeputsa, pakuti ndi chikondi chimene chakugwiritsani cholembera. Koma ndikupemphani ndi mtima wonse kuti chinthu chimenechi musachichite. Pa chilamulo cha Ayuda, chimene arabi, aphunzitsi awo a chipembedzo, akhala akuchisunga kwa zaka mazanamazana, mwana wobadwa kwa mayi wachiyuda ndi Myuda, kaya bambo wake ndi wa mtundu wanji. Ndipo inu, amene munakulira pakati pa Achewa, kumene mwana amawerengedwa ku mbumba ya mayi ake ndipo malume ndiwo amakhala ndi mawu pa iye, simudzavutika kumvetsa chifukwa chimene apongozi anuwo sakuonera kuti alanda kanthu kwa munthu. Mdulidwe uja, umene Ayuda amautcha brit milah, ndi chizindikiro cha pangano la Abrahamu lolembedwa m'mutu 17 wa Genesis, buku limene inunso mumaliwerenga.

Akanakhala kuti Myuda ndi bamboyo, nkhani ikanakhala ina. Ayuda a gulu la Orthodox, amene ndiwo ochuluka ku South Africa, sakanamuyesa mwanayo Myuda pokhapokha atalowa chipembedzocho mwa mwambo wake. Koma arabi a gulu la Reform ku America anagwirizana mu 1983 kuti mwana wa kholo limodzi lachiyuda, bambo kapena mayi, alandiridwe ngati waleredwa m'Chiyuda. Mabanja otere sali ochepa: bungwe la Pew linapeza mu 2020 kuti mwa Ayuda a ku America amene analowa m'banja kuyambira 2010, 61 pa 100 alionse anakwatirana ndi anthu osakhala Ayuda.

Tsono ubatizo wam'seri, mayi wa mwanayo akadzaumva, ndipo adzaumva ndithu, udzamulasa koposa mmene mukuganizira, popeza Ayuda amakumbukira mibadwo imene makolo awo ankabatizidwa mokakamizidwa, monga zinachitikira ku Portugal mu 1497. Mudzataya mpongozi, ndipo mwina khomo la mdzukulu lidzatsekeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muitaneni mwana wanu pambali, mumufunse zimene anapangana ndi mkazi wake za kaleredwe ka ana, ndipo munene kukhosi kwanu poyera. Kumupempherera mdzukulu palibe angakuletseni, ndipo nkhani za Yosefe, Rute ndi Davide mungamusimbire mayi ake ali pomwepo.

Kalata yachiwiri, yochokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota, ndi yaifupi: "Mkamwini wathu ndi Myuda wa ku London. Akadzatichezera timuphikire chiyani?"

Bambo, Ayuda sasunga malamulo a chakudya mofanana, choncho yambani mwafunsa mwana wanu. Ngati mkamwiniyo amasunga, nkhumba ndi mbewa zisaoneke pa mphasa, ndiponso mlamba ndi kampango, chifukwa nsomba yololedwa ndi yokhayo ya zipsepse ndi mamba. Chambo ndi usipa angadye mosakayika. Nyama siiphikidwa kapena kudyedwa pamodzi ndi mkaka. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mlendo wolemekezeka timamuphera nkhuku, koma wosunga chilamulo mosamalitsa sadya nyama imene sinaphedwe ndi wozinga wawo wophunzitsidwa, ndipo akaikana musayese kuti wanyoza ulemu wanu. Muguliretu mphika ndi mbale zatsopano, mumuphikire nsima, nyemba ndi nkhwani wotendera. Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa kufikira Loweruka nyenyezi zitatuluka ndi Sabata lake, ndiye ulendo wa pagalimoto wokaona abale muuike tsiku lina.