Bango, Sakisofoni ndi Kiyibodi: Phunziro la Kusiyanitsa Mtundu wa Liwu

M'matchalitchi ndi m'maukwati ambiri a m'Chigwa cha Shire, kiyibodi yalowa m'malo mwa zoimbira zosiyanasiyana. Woimba akadina batani lolembedwa kuti sakisofoni, ana amakhulupirira kuti amvadi sakisofoni. Khutu lotere likazolowera, mwana amaleka kumvetsera mosamala, ndipo sangathenso kuyamikira luso la ovalimba a kwawo. Phunziro lino ndi la Sitandade 7 kapena 8, ndipo lakonzedwa poganizira sukulu za kufupi ndi Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, kumenenso bango silisowa.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

Sakisofoni inapangidwa ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, ndipo anailembetsa ku Paris mu 1846. Thupi lake ndi lachitsulo, lonka likukula ngati fanulo, koma gwero la liwu lake ndi kachidutswa kopyapyala ka bango kamene kamanjenjemera woimba akauzira.

Liwu la choimbira chilichonse ndi mtolo wa timawu tambiri. Noti ya A imene imanjenjemera ka 440 pa sekondi imatsagana ndi timawu ta 880, 1,320 ndi ena okwererapo. Kuchuluka kwa mphamvu ya timawu tapamwambati ndiko kumasiyanitsa chitoliro ndi gitala, ngakhale ziwirizo ziimbe noti imodzi. Woimba sakisofoni akauzira mwamphamvu, liwu silingokwera phokoso lokha ayi, komanso limathwa, chifukwa timawu tapamwamba taonjezeka.

Apa ndi pamene kiyibodi imalephera. Chala chikadina, liwu limatuluka lathunthu, osasinthanso. Pofuna kuthetsa vutoli, Yamaha DX7 ya mu 1983 inali ndi polumikizira kachida kouzira, kuti mpweya wa woimba uzilamulira liwu. Amene ali ndi synthesizer yolola kusintha liwu asamale zinthu zinayi. Choyamba, ayambe ndi liwu la sawtooth, lomwe lili ndi timawu tonse, ndipo sefa yake izitseguka pamene phokoso likukwera. Chachiwiri, aike kamkokomo ka mpweya poyambira noti. Chachitatu, kunjenjemera kwa liwu kuzibwera mochedwerako, noti itakhazikika kale. Chachinayi, aziimba noti imodzi pa nthawi imodzi, ndi kusiya mipata yopumira, pakuti woimba jazi ali ndi mapapo.

Kayendetsedwe ka phunziro

1. Mphunzitsi adule yekha mabango otalika ngati chikhatho, mbali imodzi ikhale yotsekeka ndi mfundo. Pafupi ndi mfundoyo acheke kalilime kopyapyala, osakadula konse. Mpeni usaperekedwe kwa ana.

2. Ana akhale m'magulu a asanu. Mmodzi alowetse m'kamwa mbali ya kalilime ndi kuuzira, poyamba pang'onopang'ono, kenaka mwamphamvu. Anzake afotokoze m'mawu awoawo mmene liwu lasinthira.

3. Apinde pepala lolimba ngati fanulo ndi kulivala kumapeto kwa bango. Ayerekeze liwu latsopanoli ndi loyamba lija.

4. Ngati nkotheka kubwereka kiyibodi, mphunzitsi aimbe mzere umodzi kawiri: koyamba ndi zala zitatu pamodzi, mosapumira, kachiwiri noti imodziimodzi, mopumira, ndi kupinda liwu pang'ono ndi kagudumu ka kumanzere ngati kalipo. Ana asankhe kumene kwamveka ngati munthu wouzira, ndipo anene chifukwa chake.

Kumene kulibe kiyibodi, magawo atatu oyambawo ndi okwanira kuphunzitsa mfundo yaikulu.

Zitsanzo za kwathu

Ana adziwe kuti kuumba liwu si nzeru yobwera ndi magetsi. Opanga valimba amabowola zikho zimene zimakhala pansi pa matabwa, ndi kumata pabowopo nembanemba ya kangaude, kuti liwu lizinjenjemera. Nawonso oimba kwela, monga Donald Kachamba wa ku Singano, kufupi ndi Chileka, ankalowetsa chitoliro chachitsulo mkati mwa kamwa mochipendeketsa, ndipo liwu linkatuluka lonenepa, lotha kupindika ngati la sakisofoni. Gerhard Kubik anajambula nyimbo za Donald ndi mkulu wake Daniel ku Blantyre mu 1967. Ku South Africa, Spokes Mashiyane anatchuka ndi chitoliro chomwecho asanayambe kuimba sakisofoni mu 1958.

Kuyesa ana

Funso la kuti sakisofoni anaipanga ndani limangoyesa kuloweza. Koma mwana akatembenuka kuyang'ana kukhoma, namva mawu awiri, nanena kuti ili ndi louzira chifukwa layamba ndi mpweya ndipo lasintha pakati, ameneyo wamvetsa. Mphunzitsi alembe maina a ana amene alephera, ndipo sabata yotsatira awapatse bango kuti auzire okha asanayesedwenso.