MBIRI YA LIKUNI, MUDZI NDI CHALICHI CHACHE

Phunziro la mwezi uno silichokera m'katekisimu ai, koma ndi mbiri ya mudzi umodzi wa kwathu konkuno pamodzi ndi chalichi chache. Ambiri a inu muli ndi ana ku Lilongwe: wina ali ku Kawale, wina ku Biwi, winanso abwereka kanyumba ka chipinda chimodzi ku Mgona. Ndipo tidziwa kuti mukagona usiku mumadzifunsa kuti, Kodi mwana uja apemphera kumeneko? Nanga akadwala amzonda ndani? Kuti tiyankhe bwino mafunso amenewa tiyenera kuyambira kutali, m'mbali mwa mtsinje wa Likuni.

Ku Ulaya, monga m'dziko la Germany, ngakhale kamudzi ka nyumba zowerengeka kali ndi mbiri yache yolembedwa. Chalichi chiima pakati pa mudzi, manda ali pambali pache, ndipo m'midzi yambiri buku la ubatizo linayamba zaka mazana apitazo, pakuti Msonkhano wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti ansembe azilemba maina a obatizidwa ndi a okwatira. Ife mbiri yathu yambiri iri m'kamwa mwa okalamba, ndipo okalambawo alikutha. Nchifukwa chache tilemba izi.

Abambo Oyera, ndiwo a chipani chimene Kardinali Lavigerie anayambitsa ku Algiers mu 1868, anafika m'dziko lino poyamba mu 1889, nakhala kwa Mponda, kumene mtsinje wa Shire utuluka m'nyanja. Kumeneko anasauka ndi malungo ndi nkhondo za mafumu, nachokako mu 1891 osaona zipatso. Zinapita zaka khumi ndi chimodzi. Mu 1902 ansembe a chipanicho anatumidwanso kuno. Ena anamanga ku Mua pansi pa mapiri, ena ku Chiwamba. A ku Chiwamba sanakhalitseko: mu 1903 anasenza katundu wao nasamukira ku Likuni, chaka chomwecho chimene Mishoni ya Kachebere inayamba. Tisabise kanthu: sanali oyamba kuchula dzina la Kristu m'chigawo chino, popeza a Mishoni ya Dutch anali ku Mvera kuyambira 1889, ndi ku Nkhoma kuyambira 1896.

Tsono musaganize kuti ansembewo anasankha kukhala pafupi ndi mzinda, pakuti mzinda panalibe. Boma la Lilongwe linali kungophuka kumene m'dziko la mfumu Njewa, ndipo mu 1904 ndi pamene linakhazikika. Amwenye anatsata pambuyo ndi masitolo ao. Kuchokera pa Boma kufika pa Likuni unali ulendo wa maora ngati awiri wapansi, ndipo m'njira monse munali midzi ya Achewa, minda, madambo ndi nkhalango za manda.

Kodi chalichicho chinakula bwanji? Pano tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri asokera. Anthu amati, Abambo anatembenuza dziko. Koma Abambo anali awiri kapena atatu pa Mishoni, ndipo midzi inali yosawerengeka. Amene anagona m'midzimo ndi aphunzitsi, ana a dziko lomwelo. Mphunzitsi amayamba wapempha malo kwa nyakwawa. Akaloledwa amanga kasukulu ka mitengo ndi udzu, napachika khasu lakutha pa mtengo likhale belu. M'mawa aphunzitsa ana maletala ndi kuwerenga, madzulo aphunzitsa akulu mapemphero, tsiku Lamulungu atsogolera anthu popanda wansembe. Ndipo ubatizo sunali wa msanga: lamulo la Abambo Oyera linali lakuti munthu aphunzire zaka 4 asanabatizidwe. Taganizani kupirira kwa mphunzitsi wosunga gulu la akatekumeni zaka zinai, pamene anyamata ache alikuthawa msonkho kunka ku Halale ndi ku Joni, pamene a ku dambwe amkwiyira kuti alikuwalanda ana, pamenenso mphunzitsi wa Dutch wamanga sukulu yache tsidya la dambo lomwelo! Mikangano ya masiku aja sitiinyadira, pakuti nthawi zina abale a bere limodzi analeka kudyera pamodzi chifukwa cha sukulu ziwiri za udzu. Koma tinene zoona: chalichi cha njerwa cha pa Mishoni chinaimirira pa tisukulu ta udzu timeneto. Chomvetsa chisoni nchakuti maina a ansembe a ku Ulaya analembedwa onse m'mabuku, koma a aphunzitsi ambiri atsala m'mitima ya zidzukulu zao zokha. Ngati kwanu kuli nkhalamba yokumbuka dzina la mphunzitsi woyamba wa mudzi wanu, lilembeni isanagone.

Chimene chinadzutsa Lilongwe ndi fodya. Cha mu 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anatsegula munda ku Mbabzi, nayamba kupatsa anthu mbeu ya fodya wochiza ndi utsi ndi kumgula kwa iwo. Misika inachuluka, miseu inalambulidwa, ndipo mu 1947 Lilongwe anawerengedwa tauni. Likuni nayenso anakula. Amai Oyera anayamba kuchiza odwala pamenepo mu 1940, ndi pomwe panachokera chipatala chija. Phala lopatsa ana mphamvu, limene dziko lonse lilicha Likuni Phala, linatenga dzina pomwepo. Panadza makina osindikiza mabuku, ndi masukulu akulu a anyamata ndi a atsikana. Mu 1951 chigawo chonse cha Eklezia chinachedwa ndi dzina la Likuni, ndipo Ambuye Joseph Fady ndiwo anachiweta. Koma dzinalo silinakhale zaka khumi: pofika 1959 linali dayosizi ya Lilongwe, ndipo lero mpando wa episkopi uli ku Maula, m'kati mwa mzinda. Mudzi unapatsa tauni ulemu wache, monga mai apatsa mwana wamkulu chipande.

Pamenepo panadza chinthu chimene makolo athu sanachilote. Boma la Dr Banda linasamutsa likulu la dziko kuchokera ku Zomba, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Mu 1966 munali anthu osafika 20,000. Mu 1977 anayandikira 100,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 989,318. Midzi ina inasamutsidwa kuti apimepo miseu, ndipo malo amene anali ndi maina a mafumu anapatsidwa manambala, Area 23, Area 25. Osowa malo opimidwa anamanga pomwe anapeza, monga ku Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Ndipo minda ija ya pakati pa Boma ndi Likuni inadzala nyumba zoyandikana denga ndi denga: ndiko ku Chinsapo. Lero munthu wochokera ku msika wa Lilongwe kunka ku Likuni sazindikira pamene tauni yathera.

Bvuto lache nali. Pa mudzi Mkristu adziwika. Akapanda kuoneka tsiku Lamulungu, madzulo ache wina agogoda pa khomo. Maliro akagwa, adzukulu alipo, ufa ndi nkhuni zichokera m'nyumba zonse. M'tauni munthu akhala pakati pa zikwi, koma ali yekha: wa khomo la kumanja ndi Mtumbuka, wa kumanzere ndi Mlomwe, mwini nyumba afuna ndalama yache yokha. Angalowe m'chalichi chachikulu chodzala anthu, natuluka popanda womfunsa dzina. Akulu anati kali kokha nkanyama; ndipo wansembe mmodzi angadziwe bwanji nkhosa zikwi khumi?

Amene anaona bvutoli msanga ndi Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, wobadwa mu 1933, Mmalawi woyamba kulowa chipani cha Abambo Oyera. Atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 anaitanitsa msonkhano wa dayosizi yonse, umene unayenda kuyambira 1973 kufikira 1975. Ndipo sanafunse ansembe okha, koma anatumiza mafunso mpaka kwa alimi ndi amai a m'midzi. Chimene chinatulukamo ndi mphakati: mabanja oyandikana, owerengeka oti nkudziwana, asonkhane m'nyumba ya mmodzi wa iwo, awerenge Mau a Mulungu, azonde odwala, aphunzitse ana, ayanjanitse okangana, athandizane pa maliro, osadikira kuti wansembe kapena ndalama za ku Ulaya zifike. Maepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Afrika anagwirizana mu 1976 kuti njira imeneyi ikhale yoyamba pa nchito yao. Koma boma la masiku aja linaopa anthu osonkhana m'nyumba, likuyesa kuti ndi ndale. Chaka chomwecho Ambuye Kalilombe anatuluka m'dziko, nakhala kunja zaka zambiri, natula udindo mu 1979. Anadzabwerera kwao, namwalira mu 2012. Miphakati ija boma silinathe kuizula.

Ife tiona kuti mphakati si chinthu chachilendo ai. Ndi kasukulu ka udzu kaja kabadwanso pakati pa nyumba za malata: anthu pang'ono, mtsogoleri wa pakati pao, wansembe wofika mwa kamodzikamodzi. Eklezia wa ku Likuni anayambira m'mudzi, ndipo mzinda utameza mudziwo anayenera kumanga midzi yatsopano m'kati mwa mzinda. Sitinena kuti zonse ziri bwino. M'miphakati yambiri mupeza amai okha ndi ana, abambo ali ku nchito kapena ku mpira kapena ku mowa; ndipo kwina msonkhano umatha ndi nkhani ya zopereka, kotero kuti wosauka achita manyazi naleka kudza. Izi ziyenera kukonzedwa. Komabe tifunseni amene anataya mwana ku Biwi, kutali ndi abale, kuti anamgonera pa siwa ndani, anasonkha za bokosi ndi galimoto yopita kumudzi ndani.

Tsono inu makolo, mwana akamanka ku tauni musampatse thumba la ufa lokha. Mumpatsenso kalata yache ya ubatizo, ndipo mumuuze kuti Sabata loyamba akafunse mphakati wa pamene akhala, akalembetse dzina. Machalichi alipo pafupi: ku Kawale kuli Utatu Woyera, ku Area 23 kuli Don Bosco, ku Kanengo kufupi ndi Area 25 ndi Mgona kuli Fransisko Woyera. Ndipo mukamlembera kapena kumuimbira lamya, musafunse za malipiro okha. Funsani dzina la mkulu wa mphakati wache, pakuti akalephera kulichula mudziwa pamene zinthu ziri.

Ku Chinsapo, kumene kale anthu amayenda kukamva Misa ku Likuni, tsopano kuli parishi payokha, ndipo nkhoswe yache ndi Denis Ssebuggwawo, mmodzi wa Amartiri 22 a ku Uganda amene Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la oyera mu 1964. Denis sanali wansembe. Anali mnyamata wa zaka ngati 16 wotumikira ku bwalo la mfumu Mwanga, ndipo anaphedwa ku Munyonyo mu May 1886 chifukwa anapezeka alikuphunzitsa mnyamata mnzache katekisimu.