Rauta ya Wi-Fi: mmene imagawira mpata mafoni ambiri

Rauta ndi kabokosi kamene kamalandira intaneti, kawirikawiri kudzera mu simu ya Airtel kapena TNM, n'kuigawira mafoni ndi makompyuta apafupi popanda waya. Ku Mgona, komwe nyumba n'zothinana ndipo mabanja angapo amakhala pa puloti imodzi, rauta imodzi imatha kutumikira mwini nyumba, anthu a lendi ndi wa okala wapafupi. Kuti onsewa asakanganirane, m'pofunika kudziwa mmene kabokosika kamagawira mpata.

Mafoni onse olumikizidwa ku rauta amadutsa njira imodzi ya m'mlengalenga, yotchedwa tchanelo, ndipo pa rauta wamba amatumiza uthenga imodziimodzi. Lamulo lake, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997 pa dzina lakuti IEEE 802.11, likufanana ndi la pabwalo la mfumu: wofuna kulankhula amayamba wamvetsera. Foni ikamva kuti inzake ikutumiza, imadikira. Kukakhala zii, siiyamba pompo, koma imasankha nambala mwamaere n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo yoyamba kufika pa ziro ndiyo imatumiza. Ziwiri zikatumizira limodzi, uthenga umaonongeka, choncho zimachitanso maere pa manambala ochuluka kuwirikiza kawiri. Zonsezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Mu 2005 anawonjezera dongosolo loika patsogolo uthenga wachangu, lomwe pa marauta limalembedwa kuti WMM. Limagawa uthenga m'magulu anayi: mawu a anthu oimbirana foni, kanema, uthenga wamba, ndi zimene foni imakoka payokha mwakachetechete, monga kukonzanso mapulogalamu ake. Gulu la mawu limachita maere pakati pa 0 ndi 3, la kanema pakati pa 0 ndi 7, lawamba pakati pa 0 ndi 15, pomwe lomaliza limadikiritsidwa nthawi yotalikirapo lisanayambe n'komwe kuwerenga. Motero wogulitsa mtedza amene akukambirana mtengo ndi kasitomala amapeza mpata msanga kuposa foni yomwe ikungokoka nyimbo. Izi zimatheka ngati pulogalamu yoimbirayo yaika chizindikiro choyenera pa uthenga wake, komanso ngati WMM sinazimitsidwe. Ndi bwino kuisiya yoyaka nthawi zonse.

Chimene chimavutitsa kwambiri pa puloti ya anthu ambiri ndi foni yakutali. Foni imene ili kuseri kwa makoma atatu a njerwa imamva rauta movutikira, ndiye imatumiza pang'onopang'ono ndiponso mobwerezabwereza. Nthawi yonse imene iyo ikulimbana, ena onse amakhala chete kuidikira, ngakhale amene akhala pafupi ndi rauta. Mankhwala ake ndi malo oikapo rauta: pakatikati pa onse oigwiritsa ntchito, pamwamba ngati pa shelefu, osati pansi pa bedi kapena m'kabati. Malata amabweza mafunde a wailesi, choncho rauta isagundane ndi denga kapena mpanda wa malata.

Marauta ambiri ali ndi mafunde a mitundu iwiri. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amaboola khoma bwino, koma amadzaza msanga chifukwa matchanelo osalowererana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Marauta a nyumba zoyandikana akakhala pa tchanelo chimodzi amadikirana ngati a m'nyumba imodzi, motero aneba achita bwino kugwirizana kuti aliyense atenge chake. A 5 GHz ndi othamanga koma safika patali. Ngoyenera okhala chipinda chimodzi ndi rauta.

Dongosolo lonseli limathera pa rauta. Kuchoka apo kupita ku nsanja ya kampani ya foni, wogawa mpata ndi nsanjayo, ndipo madzulo, anthu ambiri akakhala pa intaneti, liwiro limatha kutsika ngakhale rauta itaikidwa bwino. Pasiwedi ya rauta nayo izisinthidwa nthawi ndi nthawi, chifukwa foni iliyonse yolowa mozemba imadya bandulo komanso mpata wa amene asonkha ndalama.